Mwini Kachule Akhala Kumbuyo

"Wandikhazika kumbuyo, Elson! Kumbuyo, pamodzi ndi nkhuku, m'galimoto yanga yomwe!"

Rute sadadikire kuti injini izime. Adali atatsika kale, atazungulira kutsogolo, dzanja atalitambasula pawindo la dalaivala. Amayi ogulitsa tomato pa Nsipe adasiya kuitanira makasitomala, makosi onse n'kutembenukira ku kagalimoto kobiriwirako.

"Anthu akutiona, Rute. Lowa tikambirane."

"Atione. Ku Champiti sankationa? Bweretsa makiyi."

Tsikulo lidayamba bwinobwino. Elson adapempha kuti akaonetse Rute, chibwenzi chake, kwa mayi ake ku Champiti. Atasiya tala, Rute adamupatsa chiwongolero, poti maenje a msewu amawadziwa ndi mwana wa komweko, komanso Elson adayendetsako minibasi asadayambe zokonza mafoni. Choncho kagalimotoko kadalowa m'mudzi mnyamata ali pachiwongolero, chigongono chili pawindo.

Mayi ake atatuluka m'nyumba n'kuona mwana wawo akutsika, nthungululu zidayambika. Adagwada pafumbi, adagwira tayala ngati phazi la khanda, misozi ikungotsika. "Mwana wanga wagula galimoto! Anthu inu, dzaoneni, amasiye nawonso Mulungu amawakumbuka!" Adaitanitsa mkulu wa mpingo kuti adzaipempherere. Mkuluyo adasanjika manja paboneti, natchula dzina la Elson mobwerezabwereza. La Rute silidamveke.

Ndipo Elson adangoti, "Ameni."

Pobwerera, Zione, mwana wa a Silvester, amalume ake a Elson, adati amusiye pamsika wa panjira. Adatsegula chitseko chakutsogolo asadauzidwe ndi munthu. "Pepani achemwali, mpando uwu ndi wa mkazi wamkulu. Uyutu ndi mwamuna wanga kuyambira kalekale, funsani aliyense." Anthu adaseka, poti chisuweni n'chomwecho: msuweni amatha kukutcha mwamuna wake pagulu, ndipo wokwiya ndiye amaoneka wopepera. Rute adalowa kumbuyo, nakhala pakati pa thumba la mtedza ndi nkhuku yomangidwa miyendo imene mayi ake a Elson adapereka.

"Ine sindinanene kuti ndi yanga," adatero Elson uku akupereka makiyi.

"Sunanenenso kuti si yako."

"Amayi anali akulira. Unkafuna ndiwadzutse pansi paja, ndiwauze kuti alira molakwitsa?"

"Ukanangoti, 'Amayi, ndi ya Rute.' Lilime likanathyoka?"

Elson adayang'ana pansi. Rute adatsegula chitseko chakumbuyo, adatulutsa nkhuku ija n'kumuikira m'manja.

"Tenga. Iyinso uiuze kuti ndi yako."

Kagalimoto kadanyamuka. Elson adatsala ataima m'mbali mwa msewu, nkhuku ili kukhwapa.

"Achimwene," mayi wina wa tomato adaitana, "nkhukuyo mukugulitsa, kapena ndiyo akusiyirani?"

*

Kunena zoona, sikadali kagalimoto koti n'kudukitsa munthu mutu. Kadali kakang'ono, kafupi kumbuyo ngati kodulidwa mchira, kotsegula chitseko chakumbuyo chokwera m'mwamba. Kadayenda kale kunja, kadayendanso ndi mphunzitsi wina ku Balaka asadakagulitse. Galasi la mbali ya kumanzere linkatsika likafuna lokha. Wailesi inkakoka siteshoni imodzi basi. Ukangoliza injini, mawu a mayi wina ankalankhula Chijapani m'kati mwa dashibodi, ndipo Rute ankawayankha tsiku lililonse kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu amayi." Anyamata onyamula matumba pa boma adakatcha Kachule, chifukwa cha mtundu wake komanso mmene kankadumphira pa mahampu.

Koma Kachule kadachokera m'thukuta. Zaka zonse zimene anzake ankagula mawigi ndi mafoni atsopano, Rute ankakwera pamwamba pa matumba a kachewere m'malole ochokera kwawo ku Tsangano, chisanu chikumuboola m'mafupa. Tsiku limene adakatenga, adakaimika kuseri kwa nyumba ya lendi, adakhala m'katimo zitseko atatseka, osapita kulikonse. Adangogwira chiwongolero. M'moyo wake wonse adali asadakhalepo ndi malo oti iye yekha ndiye anene kuti uyu alowe, uyu ayi. Kwawo ankagona ndi ang'ono ake. Pa lendi eni nyumba ankalowa osagogoda. M'Kachule mokha ndimo mudali mwake.

Ndiye lero munthu adzamuuze pokhala, m'menemo?

Tsiku lotsatira Rute ankatsuka mpando wakumbuyo, pamene nkhuku idasiya chizindikiro chake, foni ili pamwamba pa denga. Idalira. Adali Elson.

*Wadzuka bwanji mayi wa Kachule?*

Rute adapitiriza kutsuka.

*Nkhuku ija ikukufunsa.*

Rute adaluma mlomo kuti asaseke. Mnyamatayu vuto lake lidali lomwelo: ankadziwa pomugwira. Ali pafupi kuyankha, mnzake Hannah adamutumizira chithunzi chochokera pa sitetasi ya Zione. Zione adali atatsamira paboneti ya Kachule, mwendo wina atapinda, milomo atasongola. Pansi adalemba kuti: *Zapabanja pathu. Olowa kumene aphunzire kukhala kumbuyo.*

Rute adatumiza chithunzicho kwa Elson popanda mawu.

*Ndi zachisuweni chabe,* yankho lidabwera msanga. *Usamutengere.*

*Chisuweni chimatha munthu akaseka. Ine sindikuseka.*

*Ndimuuza achotse.*

*Usamuuze kuti achotse. Umuuze zoona.*

Elson adayamba kulemba, nasiya. Adayambanso, nasiyanso. Rute adaika foni m'thumba n'kupitiriza kutsuka, akukhula mpando molimbika kuposa mmene unkafunikira.

*

Loweruka mayi ake a Rute adatsika kuchokera ku Tsangano ndi lole ya kachewere. Iwo okha ndiwo ankadziwa za galimotoyo kumudzi konse. Ndiwo adamuletsa kupita nayo kwawo. "Mtsikana wosakwatiwa akatulukira ndi galimoto," adamuuza nthawi imeneyo, "anthu safunsa kuti wagwira ntchito yanji. Amafunsa kuti wagona ndi ndani."

Lero adabwera nkhope ili yowala. Adakhala pamkeka, adamwa madzi, kenako adayamba.

"Amalume ako a Yoramu avomera."

Rute adatsala pang'ono kugwetsa kapu. A Yoramu adali mlongo wawo wa mayi ake, mwini mbumba, ndipo popanda mawu awo panalibe ukwati. Chaka chatha adakana ngakhale kumva dzina la Elson. Adati wokonza mafoni adzadyetsa mkazi mabatire.

"Avomera bwanji?"

"Madalaivala a malole awauza kuti mnyamata uja akuyenda pa galimoto. Wina anamuona pa Nsipe, wina ku Champiti. Ndiye amalume ako akuti, 'Kani ndi mnyamata wa mutu. Auzeni akwawo abwere.'"

Rute adaseka, koma kuseka kwake kudali kowawa. "Ine ndikagula galimoto ndine hule. Iye akangoigwira chiwongolero ndi mnyamata wa mutu."

"Tsitsa mawu."

"Amayi, mukuona kuti n'chilungamo?"

"Ndani wanena za chilungamo? Ine ndikunena za banja." Mayiwo adakonza duku lawo. "Munda uja wa kudimba amalima ndani? Ndine. Feteleza amathira ndani? Ndine. Koma ukafunsa pa Tsangano, akuuza kuti kachewere wabwino ndi wa abambo ako. Ndafa nazo? Ndikudya, ndikuvala, ndakulera iwe."

"Simunafe, koma simukondwa nazo."

Mayiwo adayang'ana kunja pakhomo, pamene padaoneka mphuno ya Kachule.

"Mnyamatayu umamukonda?"

"Eya."

"Ndiye khala chete mpaka ankhoswe agwirane chanza. Pakamwa pako ndimapadziwa, m'pamoto. Galimoto sithawa. Koma amalume ako akatseka khomo kachiwiri, sadzatsegulanso."

Atawaperekeza, Rute adakhala nthawi yaitali pakhonde. Chimene chinkamupweteka kwambiri chidali chakuti bodzalo lidagwira ntchito. Mapemphero ake a chaka chonse sadasunthe a Yoramu, koma chigongono cha Elson pawindo chidawasuntha tsiku limodzi. Mapepala a galimoto adali m'dzina lake, akadafuna akadangowayala pamkeka nkhani n'kutha. Koma iye sankafuna kuti pepala limulankhulire. Ankafuna kumva pakamwa pa Elson.

*

Adakumana Lachiwiri masana pa boma, mvula ikugwa. Elson adabwera akuthamanga, jekete ili kumutu, nagogoda pagalasi la kumanzere.

"Ndilowe kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Buti ilipo."

Adalowa kutsogolo, madzi akudontha m'tsitsi. Mvula inkalira padenga lopyapyalalo ngati ana akuponya mchenga. Magalasi adachita nthunzi mpaka anthu odutsa adasanduka zithunzithunzi.

"Ndamva za amalume ako," adatero Elson.

"Wakondwa?"

"Ndachita manyazi." Adapukuta nkhope ndi dzanja. "Rute, abambo atamwalira, achibale awo anabwera kudzatenga njinga, wailesi, ngakhale malata amene anagula kuti tidzafolere nyumba. Ine ndinali ndili Sitandade 6. Amayi anaima pakhomo akuonerera. Kuyambira pamenepo, zinthu pakhomo pathu paja zimangotuluka. Tsiku lija kanali koyamba kuti aone chinthu chikulowa. Ndinatsegula pakamwa, ndithu ndinatsegula, koma nditaona mmene agwirira tayala lija..."

Rute adayang'ana kutsogolo. Mkwiyo umene adabwera nawo udayamba kumupulumuka, ndipo zimenezo zidamukwiyitsanso.

"Ndikumva," adatero. "Koma iwe ukudziwa kuwawa kwake munthu akakutengera chako iwe ukuona. Ndiye bwanji ukundichita zomwezo?"

"Sindinatenge kanthu. Makiyi ali ndi iwe."

"Unatenga dzina. Makiyi ngakhale mlonda amasunga."

Elson adagwira dzanja lake limene lidali pa giya. Rute sadalichotse.

"Tandipatsa mpata. Amalume a Silvester akapite kwanu, akagwirizane ndi a Yoramu. Zikangotha, ndidzapita ndekha kwa amayi, ndidzagwada, ndidzawauza zonse. Kwa amalume akonso ndidzapita."

"Ukayenda siya phazi, Elson. Mlomo ukausiya umakutsata."

"Ndikudziwa. Sabata ziwiri zokha."

"Ndipo msuweni wako uja asadzakhalenso pampando uwu. Akafuna kukwera, padenga pali malo."

"Angagwe."

"Ndi zachisuweni chabe, usanditengere."

Elson adaseka mpaka kutsokomola, Rute nayenso adalephera kudzigwira. Ataliza injini kuti magalasi ayere, mayi wa m'dashibodi adalankhula zake.

"Akuti chiyani apongozi?" adafunsa Elson.

"Akuti amuna onse ndi amodzi, ngakhale ku Japan."

Tsiku la ulendo litayandikira, Rute adamupatsa yekha makiyi, iye n'kukwera lole kupita ku Tsangano kukadikira alendo. Ali pamwamba pa matumba opanda kanthu, mphepo ikumumenya kumaso ngati kale, adadziuza kuti ndi komaliza.

*

Alendo adafika dzuwa lili pamutu. Kachule kadatulukira pachitunda kali matope mpaka m'magalasi, ana a m'mudzi akukathamangira. Kutsogolo kudakhala a Silvester, bambo wamtali wa jekete yakuda, nsapato zawo zitadzaza matope chifukwa adatsika kukankha pa mtsetse wina. Kumbuyo kudatsika azakhali ena okalamba, ndipo pambuyo pawo, atanyamula dengu, Zione.

Rute ankaonera pazenera la khitchini. Adamva mayi ake akumugwira pamkono.

"Pakamwa," adanong'oneza.

Akuluakulu adakhala pansi pa mtengo wa pichesi. Adalonjerana, adafunsana za mvula ndi za mitengo ya feteleza, kenako mawu adatsika. Elson adatsala m'galimoto monga mwa mwambo, kudikira kuitanidwa. Zione adalowa kukhitchini kudzatula dengu.

"Muli bwanji mkazi mnzanga? Kwanu kuno n'kozizira. Mwamuna wathuyu adzapirira?"

"Mabulangete alipo," adayankha Rute.

"Chabwino. Bola mabulangete." Zione adamwetulira ngati munthu amene wadya kale za mawa.

Patapita nthawi, onse awiri adaitanidwa. Rute adagwada pamphasa pambali pa mayi ake. Elson adanjuta chapatali, manja atawapinda. A Yoramu adatsokomola.

"Rute, mnyamata uyu ukumudziwa?"

"Ndikuwadziwa, amalume."

"Akubwera kuno wawaitana ndiwe?"

"Eya."

"Chabwino. Ife takambirana. Mnyamatayu tamulandira. Adzamanga kuno, malo alipo kuseri kwa nkhokwe uko, monga timachitira." A Yoramu adayang'ana Kachule, maso awo akuwala. "Ndipo tikuthokoza kuti mwatipatsa mwana wolimbikira. Kuno chipatala chili kutali. Mayi akadwala usiku timavutika ndi machira. Tsopano mudzi uno wapuma."

Azimayi adayamba kuwomba m'manja. Koma a Silvester adakweza dzanja.

"Pepani achimwene, pamenepo tiyeni tikonze kusanapse. Ife tabwera kudzapereka munthu. Sitinabwere kudzapereka galimoto."

Kuwomba m'manja kudaima.

"Tonse pano ndife akuluakulu, chikamwini timachidziwa," adapitiriza a Silvester modekha. "Mwana wathu akubwera kuno ndi manja ake awiri. Zimene adzapeze ndi mkazi wake, n'za kuno, n'za ana awo. Koma chimene anapeza asanakwatire n'cha kwawo. Sitikufunira zoipa, koma banja likadzagwedezeka, mkamwini amachoka ndi bulangete lokha. Tinaziona. Mlongo wanga, mayi wa mnyamatayu, analandidwa kale kamodzi. Sindilola kuti alandidwe kachiwiri. Galimoto ikhala ku Champiti, pakhomo panga, poti ine ndili ndi mpanda. Mwana wanga Zione wayamba kale sukulu yoyendetsa, azidzawatengera azakhali ake kuchipatala ndi kutchalitchi."

Rute adatembenuka. Zione adali ataima pakhomo la khitchini, akuyang'ana zikhadabo zake.

"Iyayi, iyayi," a Yoramu adadzuka pang'ono pampando. "Mwamuna ndi katundu wake salekana. Mukufuna mwana wathu azikwera malole mwamuna wake ali ndi galimoto?"

"Ankakwera chiyani kale?"

"Ife tavomera mnyamata amene tamuona akubwera. Mukamuvula, ndiye kuti mwatibweretsera wina. Chaka chatha tinamukana ameneyo."

"Ndiye mukufuna mkamwini kapena mukufuna ambulansi?"

"Bambo, muli pakhomo panga!"

Azakhali aja adayesa kuziziritsa, koma amuna awiriwo adali atayamba kale kuloza. Wina ankaloza ku Champiti, wina ankaloza pansi pamene adaima, ndipo onse ankalozanso Kachule, kali phee pansi pa mtengo, matope akuuma m'mbali mwake. Ankakagawana ngati nyama ya pamaliro. Palibe ndi mmodzi yemwe adayang'ana mtsikana wogwada pamphasa.

Rute adayang'ana Elson. Ankadikira kuti adzutse mutu. A Silvester sadali munthu woipa, ankateteza mlongo wawo ndi zimene adauzidwa. A Yoramu nawonso ankanena za amayi enieni amene amanyamulidwa pa machira. Onse ankalimbana moona mtima pa chinthu chabodza, ndipo Elson yekha ndiye adawaika pamenepo. Rute akalankhula, a Yoramu atseka khomo, mayi ake a Elson adzamva kuti adagwadira tayala la mwini, ndipo iye mwini adzatchedwa hule, dzina lija mayi ake ankaliopa. Akakhala chete, Kachule kapita madzulo omwewo, Zione ali kutsogolo.

Elson ankakanda pansi ndi kamtengo.

"Mphwanga," adatero a Silvester, "tisatalikitse. Bweretsa makiyiwo kuno, asungidwe ndi ine mpaka nkhaniyi itatha."

Dzanja la Elson lidapita m'thumba. Lidakhala m'menemo. Kenako Rute adamva kulira kwa makiyi akutuluka.

Zala za mayi ake zidamukanikiza pantchafu mpaka kuwawa. Rute adazichotsa pang'onopang'ono, chimodzichimodzi. Sadaimirire. Adakhalabe chogwada, manja ali pamaondo monga adaphunzitsidwira, koma mawu ake adamveka mpaka kwa ana amene adazungulira galimoto.

"Amalume, pepani, ndilankhuleko pamaso pa akuluakulu."

"Iwe, nthawi yako yatha," adatero a Yoramu.

"Ndi funso limodzi lokha, ndipo si la inu." Adatembenukira kwa mnyamatayo. "A Elson, makiyiwo musanapereke, dzutsani mutu. Amalume anu ali apa, amalume anga ali apa, amayi anga ali apa. Auzeni ndi pakamwa panu, onse amve. Galimoto imeneyi anagula ndani? Yankhani."